Funsani a IT: Apudeti Yaima pa Kompyuta ya ku Ofesi

Mwezi uno makalata ambiri amene mwatumiza akukamba chinthu chimodzi, ma apudeti a Windows, zigamba zokonzera ndi kuteteza pulogalamuyi, amene akumaima panjira pa makompyuta a ku ntchito. Sindikudabwa ayi. Paja Microsoft imatulutsa ma apudeti ake Lachiwiri la sabata yachiwiri ya mwezi uliwonse, chizolowezi chomwe anayamba mu Okutobala 2003, kwathu kuno amafika madzulo anthu ataweruka kale, nde Lachitatu ndi Lachinayi mmawa ndi pamene mafoni a anthu a IT amayamba kulira osalekeza. Ndasankha makalata asanu ndi imodzi, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Zikomo a IT. Ine ndimagwira ku akaunti pa kampani ina ku Limbe. Lachinayi ndafika mmawa kuyatsa kompyuta, sikirini ya buluu yalemba Working on updates 30%, Don't turn off your computer. Ndadikira mpaka 10 koloko ili pomwepo, chikhalirecho tsiku limenelo ndimayenera kutumiza malipiro a antchito ku banki. Mnzanga anati ingozimitsani pa soketi muyatsenso, ndinatero, inabwereranso pa 30 yomweyo. A IT athu amakhala ku Lilongwe. Kodi ndaiononga? Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Mayi, mwina simunaiononge, koma chonde za pa soketizo musadzabwerezenso. Ndikumvetsa kuti malipiro a anthu anali mmanja mwanu ndipo mtima unali phaphapha, koma nthawi imene sikirini yalemba mau amenewo ndi nthawi imene Windows yachotsa mafayilo ake akale ndipo ikuika atsopano, zili ngati nyumba imene asasula denga theka, nde mukadula magetsi pamenepo mukhoza kutsala ndi Windows yosayaka nkomwe. Zinakuyenderani bwino kuti inabwerera pomwe inasiyira.

Nambala ya 30 yo isakuopseni. Windows 10 imagwira ntchitoyi mzigawo ziwiri, ikamazima imafika pa 30, kenako imadziyatsanso yokha nkupitiriza kuchokera pamenepo mpaka 100, nde kukhalitsa pa 30 ndi chinthu chimene timachiona kawirikawiri. Komanso nambalayo siyenda ngati wotchi, imatha kukhala malo amodzi mphindi 40 kenako nkudumpha kamodzi kufika 80.

Chimene mukuyenera kuyang'ana si sikirini koma bokosi lenilenilo. Makompyuta ambiri a pa tebulo ali ndi kagetsi kakang'ono kutsogolo, pafupi ndi batani loyatsira, kamene kamasonyeza kuti disiki ikugwira ntchito. Tsiku lina ndinaitanidwa pa ofesi ina pa vuto ngati lanuli, mayi wa ku kaundula atagwira kale pulagi kuti azule. Ndinawapempha kuti tizimitse fani ya mu ofesimo kaye, ndinagwada pansi pa tebulo nkuika khutu pa bokosi, mkatimo disiki imati kirikiri kirikiri osapuma, kagetsi ka orenji kakuphethira ngati chiphaniphani. Tinakhala pansi, iwo anapitiriza ntchito ina ya mapepala, itadutsa ola ndi theka kompyuta inatsegula yokha bwinobwino. Kuona maso a nkhono nkudekha. Makina amene ali ndi hadi disiki yakale yozungulira ija ndi RAM ya 4GB amachedwa chonchi ndithu, pamene ya SSD ntchito yomweyo imatha mphindi zochepa.

Tsono ngati kagetsiko kazima kapena kangoyaka osaphethira, maola atatu nkudutsa nambala osasuntha, apo yaimadi. Imbirani a IT anu musanakhudze kalikonse, ndipo chifukwa chake ndi ichi: makompyuta ambiri a makampani amakhala okhomedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yoteteza zimene zili pa disiki, nde mukalowa mu gawo lokonzera Windows imatha kukufunsani kiyi ya manambala 48, kiyi imeneyo imasungidwa ndi a IT, inuyo mulibe. Akakuuzani kuti zimitsani, gwirani batani loyatsira mpaka izime, osati kuzula waya. Ikakanika kuyaka kawiri motsatizana Windows imalowa yokha mu Automatic Repair, ndipo pa Advanced options pali Uninstall Updates pomwe angakutsogolereni pafoni kuchotsa apudeti yomalizayo.

Kuti zisamakupezeni mmawa wa malipiro, Lachitatu la sabata yachiwiri mukamaweruka dinani Restart, kapena Update and restart ikaoneka, muisiye imalize. Shut down wamba pa makina amene ali ndi Fast Startup sazimitsa Windows yonse ayi, amangoigoneka, nde ma apudeti ena amangodikirabe. Ndipo ngati pa tebulo lanu palibe UPS, bokosi la batire losunga magetsi akazima, pemphani abwana agule, ndi mmene magetsi amazimirazimiramu kompyuta ya malipiro siyofunika kukhala pa soketi yokha.

FUNSO: Akulu, ine ndine IT ndekha pa bungwe lina ku Zomba, makompyuta alipo pafupifupi 40 onse ali pa domeni, netiweki ya ofesi yolamulidwa kuchokera pa seva, ma apudeti amatenga pa seva ya WSUS, yokopera ma apudeti kwa Microsoft nkugawira makompyuta onse, imene anaika amene ndinawalowa mmalo. Kuyambira mwezi watha onse akungoti Checking for updates kwa nthawi yaitali kenako 0x80244022, ena 0x8024401c, ena aima pa Downloading 0%. Ndazungulira ofesi yonse kufufuta SoftwareDistribution pa kompyuta iliyonse koma palibe chasintha, mwinanso zaipiraipira. Abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Ndithandizeni. Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, siyani kuzungulira, khalani pansi pa seva. Anthu 40 akatsegula mmimba tsiku limodzi sitiyamba kuyeza munthu mmodzimmodzi, timapita kukaona chitsime chimene akumwa. Makompyuta anuwo sapita okha kwa Microsoft, Group Policy, malamulo amene domeni imapereka kwa makompyuta ake, inawauza kuti azifunsa seva yanuyo basi, nde seva ikadwala onse amaima pamodzi ngakhale iwowo alibe vuto lililonse.

Ndipo mwanena zoona kuti zaipiraipira, ndikuuzeni chifukwa chake. Mu foda ya SoftwareDistribution muli kaundula amene kompyuta imasungamo zimene inakambirana kale ndi seva. Mukafufuta, imayambiranso pachiyambi kufunsa mndandanda wonse wa ma apudeti, ntchito yolemera kwambiri kwa seva. Inuyo mwachita zimenezo pa makina 40, kutanthauza kuti seva imene inali ikupuma movutikira kale mwaisenzetsa matumba ena 40.

Makodi mwatumizawo akufotokoza okha. 0x80244022 ndi HTTP 503, seva yayankha kuti sinditha kukuthandizani pano. 0x8024401c ndi kuti nthawi yodikira yatha kompyuta ndi seva zisanamalize kukambirana. Pa WSUS zimenezi kawirikawiri zimachokera pa WsusPool, gawo limene limayankha makompyutawo mkati mwa IIS, pulogalamu ya webu ya pa seva. Tsegulani IIS Manager pa sevapo, pitani pa Application Pools, muone ngati WsusPool yalembedwa Stopped. Ndikukhulupirira muipeza itaima kapena ikungoima nkudzuka. Chimachitika nchakuti Private Memory Limit yake imabwera itaikidwa pa 1843200 KB, pafupifupi 1.8GB, nde ikangopyola pamenepo IIS imaigwetsa nkuidzutsanso, makompyuta onse nkuyambiranso kufunsa, iyo nkugwanso, kumangozungulira chonchi tsiku lonse. Malangizo a Microsoft enieniwo amati ikani malirewo pa 0 kuti pasakhale malire, Queue Length pa 2000, kenako muidzutse. Koma onetsetsani kuti sevayo ili ndi RAM yokwanira, apo ayi mukhala mwangosamutsa vuto.

Mukatero bwererani pa kompyuta imodzi yokha, imodzi basi, muyese njira. Mu PowerShell lembani Test-NetConnection dzina la seva -Port 8530, paja WSUS imamvera pa 8530, kapena 8531 ngati ili pa HTTPS. Mu registry, kaundula wa masetingi a Windows, pitani pa HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\WindowsUpdate muone zimene zalembedwa pa WUServer. Apa ndi pamene ndimapeza zodabwitsa zambiri, makina ena akulozabe dzina la seva imene inafa zaka zapitazo, ena adilesi ya IP imene inasintha pamene anasintha rauta. Musakonze mu registry mo ndi manja chifukwa Group Policy ingathe kudzabwezeretsa zakalezo. Lembani gpresult /h lipoti.html, tsegulani fayiloyo, muone polise imene ikupereka adilesiyo, mukonze kumeneko, kenako gpupdate /force.

Aja aima pa Downloading 0% nkhani yawo imatha kukhala ina. Pa WSUS kuvomereza apudeti ndi chinthu china, kuti seva ikhale nayo fayilo yake ndi chinthu chinanso. Mukavomereza, seva imayamba kaye kukopera fayiloyo kuchokera kwa Microsoft, nde ngati intaneti inadukiza kapena disiki yadzadza, fayiloyo palibe, makompyuta amauzidwa kuti apudeti ilipo koma akapita kukatenga amapeza nkhokwe yopanda chimanga. Ndinalowapo mu kachipinda ka seva pa ofesi ina, kotentha ngati uvuni, nditatsegula File Explorer mzere wa disiki ya D unali wofiira mpaka kumapeto, foda ya WsusContent itameza chilichonse chifukwa amene anaika anachonga zinenero zonse ndi mapulogalamu onse, mpaka madalaiva ndi ma Windows amene mu ofesimo munalibe. Nde onani pa Options, Products and Classifications, musiye zokhazo zimene muli nazo, pa Update Files and Languages musiye Chingelezi chokha, kanani ma apudeti amene analowedwa mmalo ndi atsopano, kenako yendetsani Server Cleanup Wizard. Ngati sinayendetsedwepo kwa zaka imatha kukomoka panjira, musataye mtima, chongani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi mpaka zithe. Pali lamulo la wsusutil reset limene limaunika mafayilo onse nkukoperanso osowa, koma limenelo liyendetseni Lachisanu madzulo chifukwa limadya intaneti koopsa.

Chinanso muone pa konsolo ya WSUS, kodi makompyuta onse 40 akuoneka? Ngati mukuona ochepa ndipo maina akusinthanasinthana, lero uyu mawa uyo, ndiye kuti makinawo anaikidwa pokopera disiki imodzi osayendetsa bwinobwino Sysprep, pulogalamu yokonzekeretsa disiki isanakopedwe, onse ali ndi SusClientId imodzi, nambala imene seva imawadziwira, seva ikuwaona ngati munthu mmodzi wosinthasintha malaya. Imitsani wuauserv, sevisi ya Windows Update, chotsani SusClientId ndi SusClientIdValidation pa HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\WindowsUpdate, dzutsani sevisiyo, aliyense atenga nambala yakeyake.

Abwana anuwo muwauzenso kuti mu Seputembala 2024 Microsoft inalengeza kuti yasiya kuonjezera zatsopano pa WSUS. Ikugwirabe ntchito ndipo ma apudeti akubwerabe kudzera momwemo, koma iwo akukankhira anthu ku Intune, njira yawo yolamulira makompyuta kudzera pa intaneti. Ine maganizo anga, pa ofesi imene intaneti ndi yodula ndi yochedwa WSUS yosamalidwa bwino ikadali ndi phindu lalikulu, chifukwa fayilo imakopedwa kamodzi nkugawira onse, nde musathamangire kuitaya, ingoyambani kuisesa mwezi ndi mwezi.

FUNSO: Ndinagula kompyuta ya pa tebulo ya kaunjika mtauni ku Lilongwe, ogulitsa anati inachokera ku ofesi ina kunja. Imagwira bwino koma pa Windows Update pali mau ofiira akuti Some settings are managed by your organization, chikhalirecho ine ndilibe bungwe, ndi ya pa shopu yanga yosindikiza mapepala. Ma apudeti sanabwerepo ngakhale kamodzi, ndipo mmawa uliwonse deti imakhala yolakwika. Bambo wa ku Area 25

YANKHO: Bambo, kompyuta yanuyo ikumverabe abwana ake akale. Kumene inachokerako inauzidwa kuti ma apudeti izitenga pa seva ya kampaniyo, ogulitsa sanaike Windows yatsopano, angochotsa pasiwedi nkukupatsani, nde mpaka lero ikuitana seva imene ili kutsidya kwa nyanja ndipo singaifikire. Chikomekome cha mkuyu, kunja yoyera bwino mkati muli malamulo a eni ake.

Pitani pa Settings, Accounts, Access work or school, muone ngati pali dzina la kampani. Wodziwa angalembe dsregcmd /status, pamenepo pamaoneka ngati DomainJoined kapena AzureAdJoined yalembedwa YES. Njira imene ine ndimaikhulupirira pa makina otere ndi imodzi, sungani mafayilo anu pa fulashi, ikani Windows yatsopano kuchokera pachiyambi mutafufuta disiki yonse. Kuchotsa zinthu mu registry kumatheka koma simudziwa china chimene chinatsalira mmenemo, ndipo pa shopu yanu anthu amabweretsa makalata awo, ma ID, zikalata za sukulu. Ngati mutaika Windows yatsopano nkulumikiza intaneti kenako sikirini nkukulandirani ndi dzina la kampani ya eni ake ikufuna imelo ya kumeneko, ndiye kuti makinawo analembetsedwa pa Windows Autopilot, kaundula wa Microsoft wa makina a makampani, ndipo amene angawachotse mosavuta ndi kampaniyo. Apo bwererani nayo kwa ogulitsa.

Za detizo ndi kabatire. Pa bolodi mkatimo pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Kakatha deti imabwerera mmbuyo, ndipo deti ikalakwika Windows Update imakana kulumikizana ndi Microsoft, imapereka 0x80072F8F, chifukwa ziphaso za chitetezo zimaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Sinthani kabatireko, nthawi muike pa UTC+02:00 Harare, Pretoria. Anzanga a mmaofesi izinso zikukukhudzani, pa domeni nthawi ikangosiyana ndi ya seva kupyola mphindi 5 Kerberos, imene imatsimikizira kuti kompyuta ndi ya pa domeniyo, imakana, Group Policy siifika, ma apudeti nkuima popanda chifukwa chooneka.

Koma mau awa ndikunena kwa bambowa chifukwa kompyuta ndi yawo. Ngati ndi ya ku ntchito kwanu ndipo mwaona mau ofiira omwewo, ndi mmene ikuyenera kukhalira, musachotse kanthu.

FUNSO: Ofesi yathu ya nthambi ku Mzimba ili ndi makompyuta 6, intaneti timagwiritsa MiFi ya bandulo. Ma apudeti amangoti Pending download mwezi wonse. Titayesa kuwakakamiza bandulo inatha tsiku limodzi. Titani? Mlembi wa ku Mzimba

YANKHO: Achemwali kapena achimwene, simunanene, apa Windows sikuti yaonongeka, ikukusungirani bandulo. Netiweki ikachongedwa kuti Metered connection, Windows imasiya kukopera ma apudeti ambiri mpaka mutailola. Muona pa Settings, Network & internet, pa dzina la Wi-Fi yanuyo. Vuto ndi lakuti mutatsegula, makina onse 6 aliyense anakopera fayilo yomweyo payekhapayekha, nde bandulo inalipira kasanu nkamodzi chinthu chimodzi.

Pemphani a IT anu akulikulu ayatse Delivery Optimization kuti makompyuta a pa netiweki imodzi azigawana, imodzi ikakopera enawo azitengako kwa mnzawoyo kudzera pa poti 7680. Yambitsani imodzi kaye imalize, enawo mawa lake. Njira ina imene ndaigwiritsa kwambiri mmaboma ndi ya fulashi. Wina amene ali pa intaneti yabwino apite pa Microsoft Update Catalog, alembe nambala ya KB, yodziwira apudeti, ya mwezi umenewo, akopere fayilo ya .msu yogwirizana ndi Windows yanu, pa Windows 11 24H2 nthawi zina pamatuluka mafayilo awiri, atenge onse aike mufoda imodzi. Ma apudeti a mwezi ndi mwezi amasenza onse a mmbuyo, nde ngakhale mwatsalira miyezi isanu simukufunika asanu ayi, watsopano yekhayo. Kuika kwake kumafuna pasiwedi ya admin, choncho gwirizanani nawo a IT wo tsiku.

FUNSO: Pa makompyuta athu onse imodzi yokha ndi imene ikuvuta. Imakopera bwino, imaika mpaka 100%, ikadziyatsanso imalemba We couldn't complete the updates, Undoing changes. Mwezi uno kachitatu. Pa Update history pali 0x800f081f, ina 0x80073712. Ndayesa DISM /RestoreHealth nayonso yakana ndi 0x800f081f yomweyo. Wa IT pa sukulu ina ku Mangochi

YANKHO: Aha, apa mpamene tikuyenera kukhala pa kompyutayo, chifukwa anzake onse akudutsa, nde seva ilibe mlandu. 0x80073712 ikunena kuti nkhokwe ya zigawo za Windows, foda ija ya WinSxS, yaonongeka penapake. 0x800f081f ikunena kuti mafayilo okonzera sakupezeka. Kawirikawiri makina otere ndi amene magetsi anawazimirapo ali mkati moika apudeti, kapena disiki yayamba kutopa, nde yambani ndi chkdsk, lamulo lounikira disiki, ndi kuona thanzi la disikiyo musanataye tsiku lonse pa chinthu chimene chikufa kale. Onaninso malo otsala pa C, disiki ikadzadza kodi yake ndi 0x80070070, ndipo makina a SSD ya 128GB amene aphunzitsi amasungapo mavidiyo amadzadza msanga.

DISM, lamulo lokonzera nkhokwe imeneyo, yakana chifukwa chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Pa kompyuta ya kunyumba DISM imakatenga mafayilo okonzera kwa Microsoft, koma pa kompyuta imene ili pansi pa WSUS imapita kukapempha kwa seva yanu, ndipo WSUS sisunga mafayilo amtundu umenewo. Nde muipatse nokha gwero. Tengani ISO, fayilo yoikira Windows, yofanana ndendende ndi imene ili pa makinawo, 22H2 ndi 22H2, chinenero chomwecho, itseguleni, tinene kuti yatenga chilembo E, kenako lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth /Source:wim:E:\sources\install.wim:1 /LimitAccess. Nambala ya kumapetoyo ikuyenera kuloza mtundu wa Windows yanu, Pro kapena Education, muipeza ndi DISM /Get-WimInfo. Palinso polise ya Specify settings for optional component installation and component repair imene mungaiyatse kuti makina azikatenga zokonzera kwa Microsoft mwachindunji osadzera pa WSUS. DISM ikadutsa yendetsani sfc /scannow, kenako Restart.

Apa tsopano ndi pamene kusintha SoftwareDistribution kuli ndi nzeru, pa makina amodzi. Imitsani wuauserv, bits ndi cryptsvc, sinthani dzina la C:\Windows\SoftwareDistribution ndi la C:\Windows\System32\catroot2, osafufuta, kungosintha dzina kuti muthe kubwerera. Samalani, pali foda ina ya catroot yopanda 2, imeneyo musaikhudze. Zikakanikabe tsegulani C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log, pitani pa ola limene inalephera, fufuzani mau akuti error, mzere woyamba kulephera ndi umene uli ndi nkhani, enawo amangotsatira. Ine ndikaona kuti ndatha maola awiri, ndimatsegula ISO ija nkuyendetsa setup.exe Windows ili yoyaka, nkusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu, imamanganso Windows yonse osataya za mwini wake.

Sikuti nthawi zonse vuto ndi lanu ayi. Mu Januwale 2024 apudeti ya KB5034441 inakanika pa makina ambirimbiri a Windows 10 padziko lonse ndi 0x80070643, chifukwa imafuna malo a 250MB pa kagawo ka disiki ka Recovery pomwe makina ambiri analibe. Anthu anafufuta mafoda, anaikanso Windows, osadziwa kuti nkhani ili pa kagawo kakang'onoko. Nde musanayambe kukumba lembani nambala ya KB ndi kodi yake pa tsamba la Windows release health muone ngati Microsoft yavomera kale kuti pali vuto.

FUNSO: Ine ndine mwini kampani yaying'ono ku Blantyre, makompyuta 15, ambiri Windows 10. Ma apudeti amenewa atitayitsa nthawi mokwanira. Ndauza mnyamata wa IT kuti angowatseka onse koma akukana. Ndani akulondola? Bwana wa ku Ginnery Corner

YANKHO: Bwana, mnyamata wanuyo akulondola, ndipo musungeni. Ndikudziwa kuwawa kwake antchito atakhala manja lende sikirini ikuzungulira, koma kumbukirani za WannaCry. Pa 12 Meyi 2017 kachilombo kameneko kanakhoma mafayilo pa makompyuta mmaiko oposa 150, zipatala za NHS ku Britain mpaka kubweza odwala ndi kuimitsa ma opaleshoni. Chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyo nchakuti chigamba chotseka bowolo, MS17-010, Microsoft inali itatulutsa kale pa 14 Malichi chaka chomwecho, miyezi iwiri mmbuyo. Amene anagwidwa ambiri ndi amene sanachiike.

Chimene mukufuna inu si kutseka koma kulamulira nthawi. Pa Windows Pro mnyamata wanuyo angathe kuchedwetsa ma apudeti a mwezi ndi mwezi mpaka masiku 30, ine ndimakonda sabata imodzi, kuti ngati apudeti ili ndi vuto limveke kaye kwa ena. Asankhe makina awiri kapena atatu amene si a malipiro kapena a kauntala alandire oyamba, akadutsa bwino enawo atsatire. Active hours imalola mpaka maola 18 pa tsiku amene kompyuta singadziyatsenso yokha, aike kuyambira mmawa mpaka madzulo. Ndipo sabata ya malipiro kapena ya ma odita pali Pause imene imafika masiku 35.

Koma pali nkhani yaikulu kuposa imeneyo pa makina anuwo. Windows 10 inasiya kulandira ma apudeti aulere pa 14 Okutobala 2025, ndipo 22H2 ndi imene inali yomaliza. Nde ena mwa makinawo mukawaona ali chete osakuvutitsaninso si kuti achira, angosiyidwa. Makampani angathe kugula Extended Security Updates, ma apudeti a chitetezo olipira, madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, mtengo nkumawirikiza kawiri chaka chilichonse mpaka zaka zitatu, nde pa makina 15 ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu muwerengere bwino. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, Secure Boot, RAM ya 4GB ndi disiki ya 64GB, komanso purosesa yake pa Intel iyambire pa m'badwo wa 8. Mnyamatayo atsegule tpm.msc pa makina aliwonse, chifukwa ndaonapo makina ambiri amene amati sangakwere Windows 11 pomwe TPM ilimo, inangozimitsidwa mu BIOS, pa Intel imalembedwa PTT, pa AMD fTPM. Akupatseni pepala la magulu awiri, okwera lero ndi osakwera, nde osakwerawo muyambe kusintha a ku akaunti ndi amene amatsegula maimelo a makasitomala.